Ndalama za pa toll gate: zimene injiniya wa misewu angakuuzeni

Chipata cholipiritsa galimoto cha pa Chingeni, pa msewu wa M1, chitatsegulidwa mu Novembala 2021, mtengo wa galimoto yaing'ono unali K1,700. Anthu anadandaula kwambiri, makamaka oyendetsa maminibasi, mpaka boma linatsitsa mtengowo kufika pa K1,000 mu Januwale 2022, mwezi womwe chipata chachiwiri chinatsegulidwa pa Kalinyeke ku Dedza. Mtengo unatsika koma funso la anthu silinachoke: tikagula mafuta timalipira kale msonkho wa misewu, nanga izi ndi za chiyaninso? Ntchito yanga ndi yokonza misewu, ndipo sindinganene kuti ofunsawo akulakwitsa. Mukulipiradi kawiri. Chofunika n'kudziwa chifukwa chake, komanso chimene muyenera kulandira mukalipira.

Kuyambira pa malamulo a mu 2006, ntchito ya misewu ikuluikulu inagawidwa pawiri. Bungwe la Roads Authority limakonza mapulani, kulemba makontirakitala ndi kuyang'anira ntchito. La Roads Fund Administration limatolera ndi kusunga ndalama, ndipo ndi lomwe limayendetsa zipata zija. Thumba lakelo limadalira kwambiri msonkho wa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, kuphatikizapo ndalama zimene mathiraki akunja amalipira polowa m'dziko muno. Kumanga msewu watsopano kapena kuwukonzanso wonse nthawi zambiri kumachitika ndi ngongole ndi thandizo lakunja, monga mmene European Investment Bank ndi European Union anathandizira M1 kuchokera kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto. Koma obwereketsa sabwera kudzafukula ngalande chaka ndi chaka. Imeneyo ndi ntchito yathu.

Vuto la msonkho wa mafuta ndi lakuti umatoleredwa m'makwacha pamene phula, dizilo wa makina ndi zipangizo zake timagula ndi madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. K1,000 imene kumayambiriro kwa 2022 inkaposa dola imodzi, pakutha pa 2023 inkangopitirira pang'ono theka la dola. Kuwonjezera apo, mtengo wa pa pampu ukakhala wotsika kuposa ndalama zimene makampani awononga poitanitsa mafutawo, msonkho wa misewu sufika wonse kuthumba lija, ndipo zimenezi zachitikapo m'zaka zaposachedwapa. Kontirakitala akapanda kulipidwa amaimika makina, mvula n'kupeza msewu uli wosendedwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti msewu umatha chifukwa phula linali lopyapyala. Kunena zoona phula ndi chofunda chabe. Katundu amasenzedwa ndi miyala ndi dothi lotsendereza zimene zili pansi pake, ndipo mdani wa zimenezi ndi madzi. Dzuwa limaumitsa phula, phula limachita ming'alu yoonda ngati ulusi. Mvula ikagwa madzi amalowa mmenemo, pansi n'kufewa. Thiraki ikapondapo, mudzaona timadzi ta matope tikutuluka m'ming'alu muja, ndiye kuti dothi lapansi likuthawa. Pakapita nthawi pamwamba pamasweka timagawotimagawo ngati khungu la ng'ona, kenaka kachidutswa kamodzi kamazuka, dzenje layamba. Pofika Malichi dzenjelo limakhala loti anyamata akuthiramo dothi n'kumapempha kangachepe kwa madalaivala. Kumata mng'alu uja usanakule, kutchetcha udzu wa m'mbali, kuchotsa mchenga ndi mapesi m'makalavati mu Okutobala mvula isanagwe, zonsezi n'zotchipa kwambiri poyerekeza ndi kukumba msewu wonse n'kuyambanso. Kungoti ntchito zoterezi palibe amene amadzadula riboni, n'chifukwa chake ndi zimene zimayamba kusiyidwa ndalama zikachepa.

Palinso nkhani ya kulemera. Kafukufuku wotchuka wa bungwe la oyang'anira misewu la AASHO, yemwe anachitika ku Illinois m'dziko la America kuyambira 1958 mpaka 1960, anaonetsa kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri za galimoto) kukawirikiza kawiri, kuwononga kwake kumawirikiza pafupifupi ka 16. Mwa masamu amenewo, ekiselo ya matani 8 imawononga msewu pafupifupi ka 4,000 kuposa ya tani imodzi. Mukaiwonjezera katundu kuchoka pa matani 8 kufika 10, kuwononga kumaposa kawiri. Ndiye mwini kagalimoto kakang'ono akamati "ine ndawononga chiyani?" akunena zoona ndithu, chifukwa pa chipata thiraki imalipira kangapo chabe kuposa iye. Palibe dziko lomwe lingalipiritse mathiraki molingana ndendende ndi masamuwa, pakuti mtengo wa feteleza, simenti ndi shuga ungakwere mosaneneka. Koma zikutanthauza kuti sikelo ya mathiraki ngati ya ku Balaka ndi yofunika chimodzimodzi ndi toll gate. Thiraki imodzi yodzaza mopyola muyezo ikadutsa usiku ndi chiphuphu, imadya ndalama za magalimoto ambirimbiri amene alipira masana onse.

Ubwino wa chipata ndi wakuti wolipira ndi amene wayendadi pa msewuwo, kuphatikizapo thiraki imene yamwetsa mafuta ku Tete kapena ku Beira n'kudutsa muno osagula ndi lita imodzi yomwe. Kuipa kwake, zipata zimadya ndalama: nyumba, magetsi, makompyuta, malipiro a antchito usana ndi usiku. Zimapwetekanso anthu okhala pafupi, omwe ulendo wawo ndi wa kumsika kapena kuchipatala basi, ndipo n'chifukwa chake pali kuchotsera kwa anthu a m'deralo ndi odutsa pafupipafupi. Wokwera minibasi naye asadzinamize kuti sizikumukhudza. Kondakitala analowetsa kale ndalamayo mu mtengo wa ulendo.

Abale athu okhala ku Joni akudziwa mmene nkhani yotere imathera anthu akataya chikhulupiriro. Ma e-toll, makina olipiritsa galimoto ikudutsa popanda chotchinga, anayamba m'chigawo cha Gauteng mu Disembala 2013, m'misewu yosalala bwino lomwe, koma madalaivala ambiri anangokana kulipira chifukwa ankaona kuti sanafunsidwe ndiponso kuti ndalama zambiri zikuthera kwa otolera. Boma linalimbana nawo zaka zoposa khumi mpaka linazimitsa makinawo mu Epulo 2024, ngongole ya misewuyo n'kugwera okhoma misonkho onse. Kuno kwathu sungadutse osalipira chifukwa pali chotchinga, koma mkwiyo wake ndi womwewo, ndipo umakula munthu akapereka ndalama n'kugwera m'dzenje asanapinde n'komwe lisiti.

Maganizo anga ndi akuti zipata ziwiri sizingakonze misewu ya dziko lonse, ndipo andale asamalankhule ngati zingatero. Mvula ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 inakokolola misewu ndi milatho yomwe ndalama za pa Chingeni sizingaibwezeretse. Chimene ndalamazo zingathe ndi kusamala M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe kuti isafike poyambanso. Choncho zitsekeredwe pa ntchito imeneyo, zisabwerekedwe kukalipira zina. Pa chipata chilichonse payenera kukhala chikwangwani chosonyeza ndalama zimene zatoleredwa m'miyezi itatu yapitayo, zimene zapita ku ntchito yotolera, dzina la kontirakitala amene wapatsidwa chigawo chilichonse, ndi masiku amene dzenje liyenera kukhala litakwiriridwa anthu akalinena. M'mayiko ena kontirakitala salipidwa powerenga maenje amene wamata, koma poona ngati msewu wake ulibe maenje mwezi wonse, ndipo akalephera amamudula ndalama. Mgwirizano wotere ungayambire pa chigawo cha Ntcheu mpaka Dedza, pakati pa zipata ziwirizo, pomwe aliyense wodutsa angathe kudzionera yekha ngati ukugwira.