DDNS ikukana? Yambani mwaona adiresi ya rauta

Mwaika makamera pa sitolo yanu ku Luchenza ndipo mukufuna muziwaona muli ku Limbe. Chovuta n'choti adiresi ya IP yomwe kampani ya intaneti imakupatsani imasinthasintha. DDNS imamangirira dzina losasintha pa adiresiyo, ndipo kapulogalamu ngati ddclient ndi kamene kamauza seva ya No-IP, kampani yopereka mayina a DDNS, adiresi ikasintha.

Musanalimbane ndi ddclient, lowani mu rauta muone adiresi ya WAN, yomwe rautayo yalandira kuchokera ku kampani ya intaneti. Ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, nthawi zambiri ndiye kuti muli kuseri kwa CGNAT, mukugawana adiresi imodzi ndi makasitomala ena ambirimbiri. Izi n'zofala pa intaneti ya SIM ndi MiFi. Zikatero ddclient ikhoza kuyenda bwinobwino koma makamera osawapeza, mungodzudzula pulogalamu yosalakwa. Pemphani public IP (adiresi yofikirika kuchokera kunja) ku kampani ya intaneti, apo ayi ikani VPN, pulogalamu yolumikiza zipangizo zanu mwachinsinsi kudzera pa intaneti, ngati Tailscale.

Adiresi ikakhala yabwino, bwerani pa /etc/ddclient.conf, fayilo ya makonzedwe a ddclient. Fayiloyi imasunga pasiwedi, choncho ipatseni chmod 600 kuti mwini wake yekha ndiye aziiwerenga. Pasiwedi yokhala ndi zizindikiro ngati # itsekereni mkati mwa ' '. Ambiri amaphonya pa mzere wa use=if: kompyuta yomwe ili kuseri kwa rauta imatumiza adiresi ya m'nyumba, monga 192.168.1.20, yomwe kunja ilibe ntchito. Lembani use=web, kuti ddclient izifunsa adiresi yakunja pa intaneti. Mavesheni akale a ddclient amakananso ssl=yes, mzere wotumiza uthenga motetezedwa, ngati simunaike libio-socket-ssl-perl.

Kenako lembani sudo ddclient -daemon=0 -debug -verbose -noquiet, muwerenge yankho la seva. Ikati good zatheka, nochg ndiye kuti adiresi sinasinthe, badauth ndi dzina lolowera kapena pasiwedi, nohost ndi dzina la host lolakwika. Ikati abuse akutsekerani, kawirikawiri chifukwa chotumiza pafupipafupi, ndiye daemon=300, kutanthauza kuona adiresi masekondi 300 aliwonse, ndi yokwanira. Mukakonza koma ddclient osatumiza kanthu, fufutani /var/cache/ddclient/ddclient.cache, pakuti imakumbukira adiresi yakale.

Za mvula ndi mphenzi za kuno ku Thyolo mukuzidziwa. Ngati ddclient ili pa kompyuta yaing'ono ya Raspberry Pi 4, dziwani kuti ilibe batire la wotchi, magetsi akathima imadzuka ndi nthawi yolakwika, ndipo ikatsalira kwambiri satifiketi ya SSL imakanidwa. Lembani timedatectl muone ngati NTP, njira yotengera nthawi pa intaneti, yakonza nthawi. Ngati dzina lanu la No-IP ndi laulere, lofunika kulitsimikizira masiku 30 aliwonse, mukaiwala limachotsedwa.