Amene Ankasankha Sultani wa Zanzibar

Nkhondo ya pa 27 Ogasiti 1896 ku Zanzibar, ya pakati pa Angerezi ndi Sultani Khalid, imatchuka chifukwa cha kufupika kwake, poti inatha m'mphindi pafupifupi 38. Ambiri amaikamba moseka. Koma mizinga ya tsikulo inangotsiriza nkhani imene inayamba zaka 40 m'mbuyomo, Angerezi atazolowera kulowerera pa za ufumu wa banja la Al Bu Said, lolamulira Zanzibar.

Sultani Said bin Sultan ankalamulira Oman ndi Zanzibar yomwe, ndipo anasamutsira likulu lake ku Zanzibar, kumene chuma cha minyanga, akapolo ndi zonunkhira chinkasefukira. Anamwalira panyanja mu 1856. Pachikhalidwe cha Aluya a ku Oman, ufumu sunali wa mwana woyamba ayi. Ankautenga ndi amene ali ndi mphamvu, akuluakulu a banja ndi a mafuko akamuvomera. Ana a Said atayamba kulimbana, Thuwaini ali ku Muscat ku Oman, Majid ku Zanzibar, mlanduwo anakaweruza ndi mlendo, Lord Canning, bwanamkubwa wa Angerezi ku India. Mu 1861 iye anagawa ufumuwo pawiri, nalamula kuti Zanzibar azipereka ku Muscat ndalama zasiliva za Maria Theresa 40,000 chaka ndi chaka. Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna mpando ankadziwa khomo loyenera kugogoda.

Barghash, m'bale wawo wina, anaphunzira movutikira. Ataukira Majid mu 1859, Angerezi anathandiza kumugonjetsa n'kumutumiza ku Bombay. Analowa ufumu mu 1870, ndipo mu 1873 anatseka msika wa akapolo atamuopseza kuti zombo zankhondo zizinga chilumbacho. Amene anamupanikiza ndi John Kirk, woimira Britain ku Zanzibar, yemwe uja anayenda ndi Livingstone m'chigwa cha Shire mpaka kunyanja ya Malawi. Nkhaniyi siyakutali kwenikweni, popeza akapolo ambiri ogulitsidwa pamsikawo ankachokera kuno, ena ataoloka nyanja kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota.

Mu 1890 Britain ndi Germany anagwirizana zogawana madera, Zanzibar n'kukhala pansi pa "chitetezo" cha Britain. Khalid, mwana wa Barghash, anayesa kulowa m'nyumba yachifumu mu 1893 sultani wa nthawiyo atamwalira, Angerezi n'kumutulutsa, naika Hamad bin Thuwaini. Hamad anamwalira mwadzidzidzi pa 25 Ogasiti 1896, ndipo mphekesera inamveka yoti Khalid wamudyetsa poizoni, ngakhale palibe anatsimikiza. Tsiku lomwelo Khalid anakhala pampando osapempha chilolezo kwa Basil Cave, woimira Britain. Anthu pafupifupi 2,800 anamuzungulira, asilikali, antchito a kunyumba yachifumu ndi anthu wamba.

Angerezi anali kale ndi munthu wawo, Hamoud bin Mohammed, wofatsa ndi womvera. Anauza Khalid kuti pofika 9 koloko m'mawa pa 27 akhale atatsitsa mbendera n'kutuluka. Iye ankaganiza kuti akungomuopseza. Nthawi itakwana, zombo za Harry Rawson, mkulu wa asilikali apamadzi a Angerezi, zinayamba kuomba nyumba yachifumu, imene mbali yaikulu inali yamatabwa, ndipo inayaka moto. Chombo cha sultani, Glasgow, chinamira padoko pomwepo. Ovulala ndi ophedwa ku mbali ya Khalid anali pafupifupi 500, pamene kwa Angerezi anavulala munthu mmodzi. Kuitcha nkhondo n'kuikometsera. Chopweteka china, otsatira Khalid anawalipiritsa mtengo wa zipolopolo zimene zinawaomba.

Angerezi ankati Hamoud athetsa ukapolo, ndipo zoonadi mu 1897 anasaina lamulo loti makhoti asauvomerezenso. Zimenezo n'zosakanika, ndiponso ambiri mwa omwe ankachemerera Khalid anali eni minda okhala ndi akapolo. Komabe mlandu wa Khalid m'mawa umenewo sunali ukapolo. Unali wokhala pampando wa bambo ake popanda kufunsa mzungu.

Kuthawa kwake kuli ndi kankhani kake. Anabisala ku ofesi ya kazembe wa Germany, imene inali m'mphepete mwa nyanja, asilikali a Angerezi atadikirira panja. Pa 2 Okutobala madzi atadzaza mpaka pachipata, bwato la chombo chankhondo cha Germany cha Seeadler linafika pomwepo, Khalid n'kukwera osaponda dothi la Zanzibar, ulendo wa ku Dar es Salaam. Angerezi anadzamugwira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, namusunga ku St Helena ndi ku Seychelles. Anamwalira ku Mombasa mu 1927. Hamoud analamulira mpaka 1902, ndipo womulowa m'malo anali mwana wake Ali, amene anali atatumizidwa kusukulu ya Harrow ku England. Popeza anali wamng'ono, Mngerezi ndiye anamugwirira ufumuwo mpaka 1905.