MMA sinabadwire ku Denver

Ambiri amati masewera a MMA, omenyana pophatikiza nkhonya, mateche ndi kugwetsana, anayamba mu Novembala 1993 ku Denver, Royce Gracie atapambana mpikisano woyamba wa bungwe la masewerawa la UFC. Zimenezo si zoona. Ku Japan, Satoru Sayama anali atakhazikitsa kale bungwe la masewera otere la Shooto mu 1985, ndipo bungwe lina la Pancrase linachititsa mpikisano wake woyamba miyezi iwiri UFC isanayambe.

Bodzali limakwirira mayina a akatswiri ngati Yuki Nakai wa Shooto. Pa mpikisano wa Vale Tudo Japan mu 1995, Nakai, munthu wochepa thupi, anakumana ndi chimphona Gerard Gordeau, yemwe anafika ndime yomaliza ya mpikisano woyamba uja wa UFC. Gordeau anamutosa chala m'diso lamanja, zomwe malamulo amaletsa. Diso lili chotupa, Nakai anamugonjetsabe pomupotokola chidendene, kenako anagonjetsanso Craig Pittman pomukhoma mkono. Usiku womwewo anagonja kwa Rickson Gracie pa ndime yomaliza.

Diso lija silinaonenso. Nakai anabisa zimenezi kwa zaka zingapo poopa kuti masewerawa angaipe mbiri akadali akhanda. Ine zimandiwawa kuti ngakhale okonda MMA ambiri sadziwa dzina lake.