Mwana wochedwa kukula: aphunzire ndi banja lonse, asamangokhala mayi okha

Mayi wa ku Makanjira kapena ku Katuli akafuna kubwera ndi mwana ku boma kuti tidzamuone ife a mafizo, achipatala othandiza thupi kuyenda ndi kugwira ntchito bwino, ulendo wokha umadya ndalama zimene banja likanadyera masiku angapo. Mwana wamkulu ndithu koma wosayenda amabwera ali kumbuyo, pakabaza kapena pamatola, dzuwa lathu la kuno likuswa mtengo. Akafika timakhala naye kanthawi kochepa chifukwa mzere umakhala wautali, kenako timalemba m'buku tsiku lodzabweranso. Masabata onse apakatiwo mwanayo amadya, kusamba, kugona ndi kusewera m'manja mwa abale ake. N'chifukwa chake pantchito yanga ndimaika mtima kwambiri pa kuphunzitsa anthu a pakhomo. Zimene iwo amachita tsiku ndi tsiku zimasintha mwana kuposa zimene ine ndingachite pa ola limodzi.

Ana amene ndikunena pano ndi osiyanasiyana. Ena ubongo wawo unavulala ali m'mimba, pobadwa kapena ali akhanda, moti thupi limauma kapena kulobodoka, khosi silimba, dovu limangotuluka. Kuchipatala timati cerebral palsy. Ena ali ndi Down syndrome, imene imabwera mwana akabadwa ndi kanthu koonjezera mwa tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa, kotchedwa chromosome 21. Ena ali ndi autism: amayenda bwinobwino, koma kulankhula, kuyang'ana munthu m'maso ndi kusewera ndi anzawo kumawavuta, ndipo phokoso kapena kusintha kwa zimene anazolowera kumawasowetsa mtendere. Palinso amene amangochedwa kumvetsa ndi kuphunzira zinthu.

Zambiri zoyambitsa timazidziwa. Khanda limene linachedwa kulira pobadwa chifukwa mayi anavutika nthawi yaitali, ubongo wake unaperewedwa mpweya. Kubadwa masiku asanakwane, chikasu champhamvu m'masiku oyambirira ndi matenda oumitsa khosi zimathanso kuvulaza ubongo. Kuno kunyanja tiwonjezerepo malungo a mu ubongo: mwana amene ankathamanga n'kumacheza amakomoka, ndipo ena akatsitsimuka amakhala atasiya kuyenda kapena kumva, ena amayamba kugwa khunyu. Down syndrome ndi ya chibadwa, autism nayonso imayenda kwambiri ndi chibadwa, ndipo katemera sayambitsa autism.

Ndikutchula izi chifukwa m'mudzi mlandu sutenga nthawi kuti upeze mwini. Akuchimuna amati zimenezi n'za kwawo kwa mkazi. Ena amanong'onezana kuti bambo anakhwimira mwana kuti maukonde azikola usipa kapena kuti geni iziyenda. Ndaona maukwati akutha chifukwa cha mawu amenewa, mbuzi zikugulitsidwa kuti akalipire woombeza, pamene miyezi imene mwana akanayamba kuthandizidwa ikudutsa. Zimandipweteka, chifukwa zaka zoyambirirazo ndi pamene ubongo wa mwana umaphunzira msanga.

Akuluakulu amakonda kunena kuti ana amasiyana, amalume ake nawonso anayenda mochedwa. Kusiyana kulipodi, koma kuli ndi malire. Mwana wa miyezi 4 amene khosi silinalimbe, wa miyezi 9 amene sakhala yekha, wa miyezi 18 amene sanayambe kuyenda, wa zaka 2 amene sanayambe kulumikiza mawu awiri kapena satembenuka mukamuitana dzina, ameneyo aonedwe. Amene wasiya zinthu zimene ankachita kale aonedwe msanga, pa msinkhu uliwonse. Auzeni alangizi a zaumoyo kusikelo, ndipo pemphani kuti alembe m'buku la mwana n'kukutumizani kuchipatala. Makutu ndi maso aziyezedwanso, chifukwa ana ena otchedwa ogona m'mutu vuto lawo limakhala kusamva basi. Dziko lathu lili ndi muyezo wakewake wa kakulidwe ka ana, wotchedwa MDAT, umene unasindikizidwa mu 2010 atauyesa pa ana a m'midzi ya kuno ku Malawi. Umaona zinthu zinayi: kayendedwe ka thupi, kagwiridwe ka zala, kulankhula, ndi kakhalidwe ka mwana pakati pa anthu.

Tsono kuphunzitsa banja kumatanthauza chiyani? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mothandizana ndi la Autism Speaks, linakonza maphunziro a olera ana a zaka 2 mpaka 9 amene akuchedwa kukula, otchedwa Caregiver Skills Training. Amakhala ndi misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo 3 oyendera banja pakhomo, ndipo anawakonza kuti aziphunzitsidwa ndi anthu wamba a zaumoyo kapena a m'dera amene aphunzitsidwa bwino, osadikira dokotala wamkulu. Mutu wake ndi wakuti kusewera ndi ntchito za pakhomo ndiye kalasi ya mwana. Maganizo amenewa ndi omwenso ife timayendera, ndipo safuna zidole za m'sitolo.

Tiyambe ndi kudya, poti apa ndi pamene pagona moyo wa ana ambiri a cerebral palsy. Nthawi zambiri ndimapeza mwana atagonekedwa chagada pamiyendo, mutu utapendekera kumbuyo, phala lamadzimadzi likuthiridwa m'kamwa kuti lizitsika lokha. Wodyetsayo amachita izi mwachikondi, pofuna kuti mwana akhute. Koma mwana akagona chomwecho, chakudya china chimalowera kunjira ya mpweya n'kukafika m'mapapo, ndiye chibayo chimangobwerabwera. Mukhazikeni tsonga, chiuno chitapindika, msana utatsamira pa inu kapena pampando, chibwano chitatsika pang'ono. Phala likhale lolimbirako, chifukwa zamadzimadzi ndi zimene zimatsamwitsa msanga. Tengani sipuni yaing'ono, muibweretse kuchokera kutsogolo, ndipo dikirani ameze musanamupatse ina. Akamakhosomola, misozi ikamalengeza, mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, imani kaye. Akamaliza asagone pompo, akhale tsonga kwa theka la ola. Ana otere amatopa asanakhute, choncho adye pang'onopang'ono koma kangapo patsiku, ndipo m'phalamo muzikhala nsinjiro, kamafuta, kapena ufa wa usipa wosinja ndi kusefa bwino.

Kakhalidwe ka thupi nakonso n'kofunika. Mwana wongogona malo amodzi tsiku lonse, mfundo zake zimauma zitapindika ndipo zilonda zimayamba m'chiuno. Muzimusintha: nthawi ina agone chafufumimba mutamuikira chitenje chokulunga pansi pa chifuwa kuti aphunzire kudzutsa mutu, nthawi ina akhale pakona ya khoma atatsamira mbali zonse ziwiri. Mpando wolimba ndithu umatheka kupangidwa ndi makatoni omatidwa ndi phala la ufa, ndipo kalipentala wa pamsika akhoza kukhoma wathabwa tikamupatsa miyezo. Kubereka kumbuyo, miyendo itatambalala m'chiuno mwa mayi, kumathandiza mwana amene miyendo yake imakonda kupingasa. Ndipo chonde mutulutseni panja. Akhale pamkeka pamene anzake akusewera, azimva nkhani, aziona nkhuku zikudutsa.

Pa kulankhula, chimene chimavuta akuluakulu ambiri ndi kudikira. Timamudziwa mwana wathu, ndiye asanapemphe n'komwe tamupatsa kale madzi. Yesani izi: gwadani kuti nkhope yanu ifanane ndi yake, kapu m'dzanja lina, nthochi m'dzanja lina, mutchule chilichonse ndi liwu limodzi, kenako mukhale chete. Akayang'ana nthochi, akatambasula dzanja, akatulutsa kaphokoso, wayankha. Mupatseni nthawi yomweyo n'kutchulanso dzina lake. Akaona kuti chizindikiro chake chimabweretsa chinthu, amayesanso, ndipo mawu kapena zizindikiro za manja zimamera pamenepo. Kuvala, kusamba m'manja ndi kupita kuchimbudzi timaphunzitsa pogawa ntchitoyo m'timagawo. Mumuveke kabudula mpaka m'ntchafu, iye amalize kukoka, mumuyamikire. Akazolowera, muyambire m'mawondo.

Mwana amene amakuwa, kuluma kapena kudzimenyetsa mutu nthawi zambiri amakhala akunena chinthu chimene alibe mawu ake: njala, dzino lowawa, kudzimbidwa, phokoso, kapena kufuna kuti mumuone. Onani chimene chinachitika asanayambe ndi chimene anapeza atamaliza. Kumenya kumangowonjezera mantha. Kumumangirira pamtengo kapena kumutsekera m'nyumba popita kumunda n'koopsa, ndipo ndikudziwa kuti mayi amene amachita izi amakhala atasowa womusiyira. Pamenepo amene akuyenera kufunsidwa ndi abale onse.

Za khunyu ndinene mwachidule. Silipatsirana kudzera m'malovu kapena pomugwira wodwala. Mwana akagwa, mugonekeni cham'mbali, chotsani zinthu zimene zingamuvulaze, musamuike sipuni kapena chala m'kamwa, ndipo kukomokako kukapitirira mphindi 5 thamangirani kuchipatala. Mankhwala monga phenobarbitone amamwa tsiku lililonse ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi, ngakhale mwana atatha miyezi osagwa. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, Malombe ndi mtsinje wa Shire, mwana wa khunyu asapite kumadzi yekha, asakhalenso yekha pafupi ndi moto.

Zonsezi munthu m'modzi sangazikwanitse, koma amene timamuona pamzere ndi mayi. Abambo ambiri ali kunyanja usiku wonse, ena ali ku Joni. Mayi uja amalima, kutunga madzi, kunyamula mwana wolemera mpaka msana kuwawa, kumaliro ndi kuukwati osapitako. Ena amafika posowa tulo, kumangolira okha, kapena kuganiza zoti moyo ulibe phindu. Amenewo ndi matenda a nkhawa, ndipo kuchipatala thandizo lake lilipo, musawabise. Ndimapempha kuti pobwera kwa ife pazibweranso munthu wachiwiri, kaya bambo, agogo, kapena mwinimbumba, adzaone ndi maso ndi kuyesa ndi manja ake. Agogo akamvetsa chifukwa chimene tikuletsera kudyetsa mwana chagada, nkhaniyo imatha pakhomo ponse. Bambo amene ali kutali angathe kuona pafoni momwe mwana akukhalira pampando wake, n'kudziwa chimene ndalama yotumizayo ikagule. Koma mlongo wake wa mwanayo asasiyitsidwe sukulu kuti akhale mlezi.

Makolo akakumana okhaokha pamachitika zimene ife achipatala sitingathe. Mayi amene mwana wake anayamba kudya yekha akafotokoza momwe anachitira, mnzake amamukhulupirira msanga kuposa ine. Gulu lotere likhoza kuyambira pansi pa mtengo tsiku la sikelo, n'kumalandirana ana, n'kuyambitsa banki m'khonde yothandiza pa thiransipoti. Bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM linakhazikitsidwira ntchito ngati imeneyi. Mashehe, abusa ndi mafumu akalankhula poyera kuti mwana wotere ndi mwana ngati ena, zonong'onezana zija zimachepa.

Boma lili ndi mbali yake, ndipo makolo ayenera kuifunsa mosaopa. Lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo bungwe loona za anthu aulumali limene tinkalidziwa kuti MACOHA tsopano ndi MACODA. Ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma mukhoza kufunsa za Mtukula Pakhomo ndi za njinga ya olumala. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 apite ku mkombaphala ndi anzake, ngakhale asakulankhula. Msinkhu wa pulayimale ukakwana, kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu teremu isanayambe. Afunseni ngati pasukulupo kapena m'zoni yawo muli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Gwirizanani za malo amene mwana azikhala m'kalasi, amene azimuperekeza, ndi momwe azikalowera kuchimbudzi, chifukwa ana ambiri amene ndawaona atasiya sukulu, chinawabweza ndi chimbudzi ndi mtunda.