Kuchotsa msonkho wa pachipata sikutanthauza kuti katundu yense amalowa ulele

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva ku Mbare kuno ku Harare kuti popeza mayiko athu, Malawi ndi Zimbabwe, anagwirizana kuchotsa msonkho wa pachipata, katundu aliyense wochokera ku Malawi amalowa ulele. Abale anga, si zoona, ndipo ndatopa nazo.

Msonkho umachotsedwa pa katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'mayiko a mgwirizanowo basi, ndipo pamafunika satifiketi yotsimikiza kumene wachokera. Mpunga wa ku Karonga ungathe kupindula, koma nsapato za ku China zogulidwa ku Limbe ayi. Msonkho wina wotchedwa VAT ulipobe pa katundu wambiri, ndipo zokolola zimafuna chilolezo chapadera.

Musafalitse zomwe simunatsimikize. Pitani ku ofesi ya kasitomu, tchulani katundu wanu, akuwonetseni msonkho wake musanakwere basi yodzera pachipata cha Nyamapanda.