Njinga zamoto zomwe zinamiza zombo za America

Nkhondo ya ku Ukraine yautsanso mkangano wakale: kodi gulu lankhondo lodalira masetilaiti ndi madiloni lingakhulupirire maso amenewo mpaka pati? Kumeneko zida zosokoneza mafunde zimasocheretsa madiloni ndi mabomba oyendera GPS tsiku ndi tsiku.

Chikhulupiriro chakuti wodziwa zambiri ndiye wopambana chinazika mizu mu 1991, pamene asilikali a America anadutsa m'chipululu motsogozedwa ndi GPS, nkhondo ya pansi yolimbana ndi Iraq n'kutha m'maola 100. Zaka zotsatira zinangokhala za kugula makompyuta ndi kulonjeza.

Mu July 2002, Pentagon, likulu la asilikali a America, inakonza masewera oyeserera nkhondo otchedwa Millennium Challenge, a madola pafupifupi 250 miliyoni, kuti iyese maganizo atsopanowa. Mbali ya mdani anaipereka kwa Paul Van Riper, mmodzi wa akuluakulu opuma pantchito a gulu la Marine, asilikali a America omenya nkhondo panyanja ndi pamtunda. Podziwa kuti wailesi iliyonse ikumvetseredwa, mkuluyu anangozimitsa zonse. Mauthenga ankayenda pa njinga zamoto, ndege zinkanyamuka poona kuphethira kwa nyali monga ankachitira pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kenako anakhuthula mizinga ndi timaboti tating'ono nthawi imodzi, makompyuta n'kuonetsa zombo 16 za America zitamira, chonyamula ndege chili pomwepo.

Oyendetsa masewerawo anaziyandamitsanso zombozo n'kuyambiranso. Van Riper akuti oyendetsawo anamulamula kuyatsa makina ake ounikira ndege kuti aphulitsidwe, ndiponso kusawombera ndege zotsitsa asilikali. Anatula pansi udindo masewera ali mkati.

Apa nkhani ili pawiri. Akuluakulu ngati General William Kernan, mkulu wa nthambi yomwe inkayendetsa masewerawa, anati uku kunali kuyesa zinthu, osati mpikisano, ndipo anthu 13,500 otenga nawo mbali sakanangobwerera kwawo masewera atangoyamba. Ena amati zombo zinaikidwa pafupi kwambiri ndi gombe, komanso timaboti totere sitikananyamula mizinga yolemera choncho. Zikumveka ndithu, ndipo zambiri timazimva kwa Van Riper mwini, munthu amene anachoka mtima uli m'mwamba. Komabe kumanga mdani manja kuti maganizo ako apambane n'kovuta kukuikira kumbuyo.

Mu March 2003 America inalowa mu Iraq, Baghdad n'kugwa m'masabata atatu. Chomwe chinawasautsa asilikaliwo kwa zaka zambiri pambuyo pake chinali bomba lokwirira m'mbali mwa msewu, lophulitsidwa ndi foni yam'manja kapena kawaya wamba.