Kuyenda m'nkhalango ya kumudzi: yambani mwawerengera dzuwa

Munthu akamakonzekera kukayenda m'nkhalango, funso lake loyamba limakhala la zilombo: kodi kuli njoka, kodi kuli nyama zolusa? Funsoli ndi loyenera, koma si limene liyenera kukhala patsogolo. Zimene zimagwetsera anthu ambiri m'mavuto ndi zazing'ono, ndipo zimabwera motsatana: wanyamuka mochedwa, wapatuka panjira kuti adule mtunda, madzi am'thera, kunja kwada asanatuluke. Zonsezi zimapeweka munthu adakali pakhomo, ndipo chachikulu pa zonse ndi kuwerengera nthawi.

Mu 1892 William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, analemba njira yowerengera nthawi ya ulendo wapansi imene anthu akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Ikani ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kenako onjezerani ola lina pa mamita 600 aliwonse amene mukwere. Tinene kuti ulendo wanu, kupita ndi kubwerera, ndi makilomita 8 ndipo pali chitunda cha mamita 300. Mtundawo ukudya ola limodzi ndi mphindi 36, chitundacho mphindi 30, zonse pamodzi maola awiri ndi mphindi zochepa. Koma chiwerengero chimenechi ndi cha munthu wamphamvu, wosapuma, woyenda panjira yooneka bwino. M'nkhalango mumadumpha zipika, mumalambalala minga, mumaima kuti muone mbalame. Pamene palibe njira yopondeka, liwiro limatsika kufika makilomita awiri pa ola kapena kucheperapo, ndipo gulu limayenda pa liwiro la amene ali wofooka kwambiri. Maola awiri a Naismith aja muwatenge ngati atatu.

Tsopano werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa nthawi imene dzuwa limalowa. Pansi pa mitengo kumada msanga kuposa pamtetete chifukwa masamba amatchinga kuwala kotsalako, ndipo chigwa chimene chili ndi phiri chakumadzulo chimada msanga kuposa apo. M'maiko otentha chisisira sichikhalitsa: dzuwa likangolowa, pasanathe theka la ola kwada. Konzani zoti mukhale mutatuluka m'mitengo kudakali ola lathunthu. Ngati dzuwa limalowa 6 koloko, tulukani pofika 5 koloko. Mukalowa 1 koloko masana ndiye kuti muli ndi maola anayi, ndipo popeza pobwerera miyendo imakhala italema, nthawi yotembenuka ndi cha m'ma 2:45, kaya mwafika pa mathithi amene mumafuna kaya simunafike. Apa ndi pamene anthu ambiri amagonjera. Malowo amaoneka ngati ali pafupi, wina m'gulu amati tangotsala pang'ono, mphindi 20 zija n'kusanduka ola. Gwirizanani nthawi yotembenuka musananyamuke, aliyense adakali woganiza bwino.

Ngati mulibe wotchi, tambasulani mkono, mupingase zala pakati pa dzuwa ndi pamene thambo lakumana ndi dziko, osayang'anitsitsa dzuwalo. Chala chimodzi ndi mphindi pafupifupi 15, zala zinayi ndi ola. Ndi muyeso wongoyerekeza, koma umathandiza. Ndipo musananyamuke, uzani munthu amene akutsala zinthu zitatu: pamene mukalowere, njira imene mutsate, ndi ola limene ayambe kukufunani mukapanda kuoneka.

Kusochera si kupusa. Mu 2009 akatswiri a bungwe lofufuza za sayansi la Max Planck ku Germany, motsogozedwa ndi Jan Souman, anaveka anthu zipangizo za GPS, zosonyeza pamene munthu ali, n'kuwauza kuti ayende molunjika kwa maola angapo m'nkhalango ya Bienwald. Amene anayenda tsiku la mitambo anangozungulirazungulira, ena mpaka kudutsa pamene anali ataponda kale osazindikira. Amene ankaona dzuwa anayenda molunjikako. Thupi palokha silidziwa kulunjika. Limafuna chinthu chakunja choti lizitsata, ndipo m'nkhalango, mmene mtengo uliwonse umafanana ndi unzake, chinthu chimenecho muyenera kuchisankha nokha.

Musanalowe, pezani pa mapu chinthu chachitali chimene simungachiphonye: msewu, mtsinje, mpanda kapena mawaya a magetsi, ndipo dziwani mbali imene chili. Mukadziwa kuti msewu wadutsa kum'mawa kwa nkhalango yonse, kampasi yokha ikhoza kukutulutsani, ngakhale simudziwa pamene mwaima. Pamphambano iliyonse imani, mutembenuke, muone mmene njirayo idzaonekere pobwerera, pakuti mphanda ya njira imaoneka mosiyana kwambiri mukaichokera mbali ina. Chenjeraninso ndi tinjira ta ziweto ndi nyama zakutchire. Timayamba mooneka bwino, kenako timagawikana n'kuthera m'zitsamba. Mukaona kuti nthambi zayamba kukumenyani kumaso pamene pansi njira ikuonekabe, dziwani kuti imene mukutsatayo si ya anthu.

Foni imathandiza ngati mwaikonzekeretsa. GPS imagwira ntchito ngakhale popanda netiweki, koma mapu muyenera kuwasungiratu mufoni mudakali pa intaneti. Pamene netiweki ili yofooka foni imalimbikira kuisaka ndipo batire limatha msanga, choncho itsekeni netiwekiyo mpaka mutaifuna.

Mukazindikira kuti mwasochera, imani pomwepo. Mantha amauza munthu kuti afulumire, ndipo kufulumira kumam'talikitsa ndi malo amene omufuna ayambire kuyang'ana. Khalani pansi, imwani madzi, kumbukirani malo omaliza amene munali otsimikiza. Ikani chizindikiro chooneka pamene mwakhalapo, muyende mphindi zisanu mbali imodzi n'kubwerera pa chizindikirocho, kenako yesani mbali ina. Kukada, lekani kuyenda. Usiku ndi pamene anthu amagwera m'makwawa ndi kuthyoka miyendo. Wenzulo imamveka patali kuposa mawu ndipo siitopetsa pakhosi: imbani katatu, mudikire, mubwerezenso. Malangizo otchuka akuti tsatirani mtsinje chotsika ndi okayikitsa m'dera la mapiri, chifukwa madzi amadutsa m'maphompho ndi pa mathithi pamene munthu sangadutse, ndipo mkokomo wake umatseka mawu a okuitanani. Ana auzeni kuti akasiyana ndi gulu akhale pa mtengo umodzi ndipo aziyankha akamva dzina lawo, pakuti mwana wamantha nthawi zina amabisala kwa omwe akumufunawo.

Madzi tengani theka la lita pa ola lililonse loyenda, ndipo kukatentha kwambiri pafupifupi lita yathunthu. Kuyera kwa madzi a mumtsinje sikutsimikizira kanthu, chifukwa simudziwa ziweto kapena zimbudzi zimene zili kumtunda. Awiritseni mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena mphindi zitatu ngati muli pamalo okwera kuposa mamita 2,000. Kumadera a likodzo, madzi odikha okhala ndi nkhono musalowemo n'komwe: tizilombo take timaboola khungu, simufunika kuchita kuwamwa. Valani nsapato zotseka zimene phazi lazizolowera kale, thalauza lalitali ndi chipewa. Pamene phazi layamba kutentha ndi pamene thuza likubwera. Vulani, mumatepo pulasitala nthawi yomweyo. Tochi ndi chovala cha mvula zilowe m'chikwama ngakhale ulendo uli wa masana ndipo kumwamba kuli mbee.

Kuti mufike kunkhalango mumadutsa m'minda ndi m'mabusa, ndipo alendo ambiri amaiwala kuti amenewa ndi malo a ntchito a anthu ena. Funsani eni dera musanadutse. Kupatula ulemu, iwo ndi amene amadziwa mlatho umene unakokoloka, pamene pali ming'oma ya njuchi ndi pamene patcheredwa misampha, zinthu zimene mapu sangakuuzeni. Yendani m'mphepete mwa munda, osati pakati pa mbewu. Chipata chisiyeni mmene mwachipezera: chotseka chikusunga ziweto, chotsegula mwina chasiyidwa dala kuti zikamwe madzi. Ng'ombe imene ili ndi mwana ilambalaleni patali ndipo musadutse pakati pa awiriwo. Galu amakwiyitsa ng'ombe zotere. Mugwireni pa chingwe, koma zikayamba kukuthamangitsani mutayeni, iye amathamanga kuposa inu. Mukafuna kudzithandiza, kumbani dzenje lakuya masentimita 15 mpaka 20, pamtunda wa mamita 60 kuchokera pa madzi, mukatha mukwirire.

Tibwere ku njoka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndiye si nkhani yochepa. Koma zambiri zimaluma zikapondedwa, zikagwidwa kapena munthu akamafuna kuzipha. Pa chipika pondani pamwamba kaye muone kuseri, musangodumpha. Musapise dzanja m'mphako kapena pansi pa mwala. Wina akalumidwa, m'chotseni pamalopo, mum'vule mphete ndi chilichonse chothina chiwalocho chisanatupe, mangirirani chiwalocho ku kamtengo kuti chisagwedezeke, ndipo m'nyamuleni kupita kuchipatala. Musatemere pabalapo, musayamwe, musamange chingwe chothinitsa. Kutema kumawonjezera kutaya magazi, kuyamwa sikuchotsa ululu, ndipo chingwe chothina chimatha kupha chiwalo chonse. Musatayenso nthawi kusaka njokayo. Njuchi zikakuukirani, phimbani nkhope muthamange molunjika kutali. Kulowa m'madzi sikuthandiza chifukwa zimatha kudikira pamwamba. Wolumidwa akayamba kutupa milomo kapena kubanika, pitani naye kuchipatala mwachangu.

Mphenzi ikang'anima, werengani masekondi mpaka mumve bingu, mugawe ndi 3. Yankho lake ndi makilomita. Masekondi 30 ndi makilomita 10, ndipo pamtunda umenewo mphenzi ikhoza kukufikani. Chokani pamwamba pa chitunda, pamtetete, pafupi ndi mpanda wa waya, ndipo koposa zonse pansi pa mtengo umene waima wokha m'munda, umene mvula ikayamba aliyense amathamangirako. Nyumba yeniyeni kapena galimoto yotseka ndiye pothawira. Ngati palibe, tsikirani malo otsika pakati pa mitengo yaifupi yofanana msinkhu, gulu limwazikane, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Mvula yomweyo imasintha mitsinje. Kamtsinje kamene munawoloka m'mawa madzi akulekeza mu akakolo kakhoza kudzaza ndi mvula imene yagwa kumtunda, inu osaiona. Madzi othamanga akuya masentimita 15 okha amatha kugwetsa munthu wamkulu. Akafika m'mawondo, kapena akafiira n'kumabwera ndi zinyalala, dikirani aphwe.

Moto ndi chinthu chimene mlendo angawononge nacho zambiri pa ola limodzi. Nthawi yachilimwe, udzu utauma ndipo mphepo ikuwomba, musakoleze n'komwe. Pamene n'kololedwa, lambulani pansi mpaka dothi lioneke, motowo ukhale waung'ono, ndipo pochoka thirani madzi, takasani phulusa, thiraninso, mpaka mutha kuikapo dzanja. Kukwirira ndi dothi kokha kumasunga makala amoyo kwa maola ambiri. Mukakumana ndi moto wolusa, musathawire kumtunda: moto umathamanga kwambiri pokwera chifukwa malawi amaumitsiratu udzu umene uli patsogolo pake. Pitani cham'mbali kapena chotsika, kumalo opanda udzu kapena amene apsa kale.

Za bowa mawu ndi ochepa: umene simuudziwa bwino usiyeni. Bowa wotchedwa Amanita phalloides umafanana ndi mitundu ina yodyedwa, poizoni wake satha ndi kuphika, ndipo zizindikiro zimatha kuchedwa maola 6 mpaka 24, chiwindi chitayamba kale kuwonongeka. Chithunzi cha pafoni si umboni wokwanira.

Mukafika kunyumba patsala ntchito imodzi. Nkhupakupa zimadikira pansonga za udzu, makamaka modutsa ziweto, ndipo zikaluma sizimveka kuwawa. Kulowetsa miyendo ya thalauza m'masokosi kumazichepetsa, koma fufuzanibe thupi lonse tsiku lomwelo: kuseri kwa mawondo, m'khwapa, m'chiuno, pakati pa miyendo, kuseri kwa makutu ndi m'tsitsi, makamaka mwa ana. Zing'onozing'ono zimangooneka ngati kadontho kakuda. Mukaipeza, igwireni ndi kachitsulo kopanira pafupi kwambiri ndi khungu, mukoke pang'onopang'ono molunjika osapotokola, kenako tsukani ndi sopo. Musaiotche ndi machesi kapena kuipaka mafuta, ndipo musafinye mimba yake, chifukwa zimenezi zingachititse kuti ilavulire tizilombo m'balamo. Lembani tsikulo. Ku Ulaya ndi ku North America nkhupakupa zimafalitsa matenda a Lyme, ndipo kumadera ambiri a Africa zimabweretsa malungo amene amasiya kachilonda kakuda pakati pamalo olumidwawo. Mukamva kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mfundo, kapena mukaona zidzolo m'milungu ingapo yotsatira, pitani kuchipatala ndipo muuze dokotala kuti munayenda m'tchire ndipo munalumidwa ndi nkhupakupa, kuti asangoyeza malungo a udzudzu okha.